Beira Ndinamuona Kale

Kachitini kaja kakadali pa zenera la kuchipinda kwanga. Kanali ka mkaka wa ufa, koma zolemba zake zinafufutika ine ndisanabadwe, ndipo chivindikiro chake chimafuna mpeni kuti chitseguke. Adzukulu anga anayesapo kukatenga kuti apange galimoto. Ndinawathamangitsa mpaka kumsewu, ndipo sanabwerezenso.

M'kachitini kameneka ndi mmene amayi ankasungamo mchere, nyengo imene mchere unali wosowa ngati mankhwala. Nkhondo itafika kwathu ku Ntengo-Wambalame, loja, sitolo ya m'mudzi mwathu, inatsekedwa, magalimoto analeka kubwera, anthu anayamba kudya ndiwo za chidulo chokhachokha mpaka lilime kuchita dzanzi. Ife tinali ndi mwayi chifukwa amalume anali ndi ngolo ndi chilolezo chokagulitsa kachewere kumalire a Malawi. Akabwerako ankatipatsa kamchere kokulunga m'pepala, amayi n'kukhuthulira m'kachitini, n'kunyambita pepalalo.

Wothira mchere m'ndiwo kwathu ndinali ine. Masiku ena pamwezi amayi ankaphika zonse, koma ikafika nthawi ya mchere ankaima patali n'kuitana kuti, "Iwe, dzathire." Pamwambo wathu mkazi akakhala kumwezi sakhudza mchere wa m'ndiwo, amatuma mwana amene sanathe msinkhu. Ine chifukwa chake sindinkachidziwa. Ndinkangoona kuti ndi udindo, ndipo ndinkaunyadira. Ndinkadziwa pamene mchere walekeza m'kachitini kuposa mwini wake.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinali wouma mutu. Izi sindikubisa, ndipo sindikupepesa. Chaka chimenecho ndinakhoza kwarta kalasi, kalasi yachinayi, n'kuposa anyamata onse, ndipo aphunzitsi analemba dzina langa pa lista ya ana okaphunzira kutsidya kwa nyanja yaikulu. Anati idzabwera koluna, uja mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, idzatitenga mpaka ku Tete, kenako ku Beira. Ku Beira tidzakhala tsiku limodzi tikuona mzinda, m'mawa mwake n'kukwera chombo.

Aphunzitsiwo anali a ku Beira komweko. Anali aatali, owonda, ndipo Chichewa chawo chinali chokhota moti tinkaseka tikabisala kuseri kwa manja. Asanabwere kwathu ankaphunzitsa ku Chidzolomondo, kumene amuna a mfuti a m'mapiri anawotcha sukulu yawo masana dzuwa likuswa mtengo. Iwo anathawa ndi zidutswa za choko m'thumba ndi nsapato imodzi yomanga ndi waya. Wina aliyense akanabisa zoti ndi mphunzitsi, chifukwa masiku amenewo ntchitoyo inkaphetsa. Iwo atangofika kwathu anasesa pansi pa mtengo wa pichesi n'kuyamba kulemba padothi ndi kamtengo. Mawu awo ndimawakumbukira: "Mabenchi awotche. Pansi sangawotche."

Mvula inatha, koluna osabwera. Chisanu cha kwathu chinayamba, chija cholowa m'mafupa, udzu n'kumadzuka uli mbuu, mapazi n'kumang'ambika ming'alu. Tsiku ndi tsiku ndikatha kutunga madzi ndinkapita kumsewu kukamvetsera. Ndinkagona chamimba n'kuika khutu pansi, poti wina anandiuza kuti magalimoto amayamba kumveka m'nthaka. Ndinkangomva nyerere.

Kenako kumudzi wina wa kuseri kwa phiri amuna a mfuti aja anatenga atsikana asanu ali m'munda wa nyemba. Anthu sanaifotokoze nkhaniyo pamaso pa ana, koma nkhope za akazi zinasintha. Amayi anandimeta mpala ndi lumo lobuntha, n'kundiveka malaya a bambo anga amene anamwalira ndili wakhanda. Malayawo ankandifika m'mawondo. Ankandiyang'ana kwambiri masiku amenewo, makamaka ndikamasamba, ndipo ine ndinkaona ngati akufuna pondipezera chifukwa.

Amalume anabwera n'kunena mosapsatira kuti mwanayu atuluke, apite ku Malawi kwa abale a akazi awo. Ine ndinati sindipita. Ndinati dzina langa lili pa lista, koluna ikabwera ine kulibe malo anga atenga wina, ndipo winayo ndinkamudziwa, anali mnyamata amene sankatha n'komwe kugawa manambala. Anandikweza pa ngolo mokakamiza. Titangodutsa dambo loyamba ndinawaluma padzanja, n'kudumpha, n'kuthawa kudzera m'minda mpaka kunyumba. Ndinadutsa ndekhandekha m'njira imene akuluakulu ankaopa kuyendamo awiri. Chipsera cha mano anga amalume anapita nacho kumanda.

"Timumange ngati mbuzi," anatero amalume tsiku lomwelo, akutsuka bala.

Amayi anati mbuzi yomanga imalira njira yonse, ndipo pa kontrolo pali anthu a makutu. Kontrolo inali pamene asilikali a m'mudzi ankaima ndi mfuti zawo, kubweza aliyense wooneka ngati akuthawa m'dziko. Mtolo pamutu, mphika m'manja, mwana wolira, zonsezo zinkabwezetsa munthu, nthawi zina ndi zikwapu. Kenako amayi ananena mwambi uja wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikumva, ndipo ndinaganiza kuti ndapambana.

Patapita masiku atatu aphunzitsi anafika kwathu. Anati mwana wa pa lista sangafike ku Beira n'kumangoyasama kukamwa ngati wadya tsabola, angachititse manyazi dera lathu lonse la Tsangano. Anati mawa tikaona mzindawo, msewu ndi msewu, kuti tsiku lenilenilo ndidzakhale wodziwa kale. Anawonjezera kuti amenewa ndi mayeso omaliza, ndipo wolephera dzina lake lichoka pa lista. Anandidziwa bwino bambo amene uja. Akanati ndi masewera ndikanakana, koma mayeso sindinkawathawa.

M'mawa mwake amayi anavala kapulana yawo, nsalu ya kutchalitchi, ya maluwa achikasu. Sananyamule mtolo. Anangotenga chikho ndi kachitini ka mchere, n'kumanga pansonga ya nsalu. Ndinawafunsa kuti mcherewo ukupita kuti. Anati nawonso akufuna kuona Beira, ndipo ndisawafunse mafunso ngati wapolisi.

Tinayambira pa chinyumba chakale chosungiramo kachewere, chimene denga lake linasasuka kalekale. Aphunzitsi anatiimika pakhomo n'kunena kuti iyi ndi siteshoni ya sitima, yaitali kuposa mitengo isanu yosanjikiza, mazenera ake osawerengeka. Anandiuza kuti ndikweze mutu mpaka khosi lipweteke. Ndinakweza. Ndinaona mitambo ndi khwangwala mmodzi, koma iwo anapitiriza kufotokoza za pansi poterera, za wotchi yaikulu, za mawu a munthu otuluka m'khoma kulengeza sitima, mpaka fungo la kachewere wowola linayamba kundimvekera ngati la mafuta a injini. Amayi nawonso anakweza mutu, dzanja lili pachipumi.

Titatuluka tinafika pa njira ya ng'ombe. Aphunzitsi anandigwira paphewa mwamphamvu. Anati uwu ndi msewu waukulu, ndipo ng'ombe zikubwerazo ndi machimbombo, mabasi a mumzinda, amene saimira munthu wa kumudzi. Ndinayang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso. Tinadikira machimbombo asanu ndi kamwana kawo kamodzi adutse. Amayi anawoloka osayang'ana, ndipo ndinawakalipira kuti agundidwa. Anabwerera n'kuwolokanso bwino, osaseka.

Pa thanthwe lina pamene akazi ankayanika ufa panali msika wa nsomba. Apa ndi pamene tinakangana. Aphunzitsi anati kumeneko kuli nkhanu zazikulu ngati khasu, ndi nsomba ina yoti amuna awiri amanyamula pamtengo. Ine ndinati bodza, nkhanu ndimazidziwa, ndimazigwira kumtsinje. Iwo anati chabwino, ukakafika ukandilembere kalata yonditsutsa. Anandiphunzitsa kufunsa mtengo m'Chipwitikizi, kukana mtengo woyamba, kuchoka pang'ono kuti wogulitsa akuitane. Ndinatsitsa mtengo wa mwala wina mpaka theka. Amayi anati apo pokha mwanayu safuna sukulu.

Dzuwa litakwera tinafika pa kontrolo. Panali amuna atatu atakhala pa chigogo, mfuti zili pamiyendo. Ndinaona amayi akukonza kapulana imene inali yokonzeka kale. Wamkulu wawo anafunsa kumene tikupita, aphunzitsi n'kuyankha kuti ndi phunziro la jogirafiya. Munthuyo anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kufunafuna mtolo. Ine zinandinyansa kuti akutichedwetsa.

"Tili ku Beira ife," ndinatero. "Ndipo inu mwakhala pakati pa msewu wa machimbombo. Akugundani."

Anaseka mpaka mmodzi anatsamwa ndi fodya. Anati mphunzitsi uyu nkhondo yamuzunguza mutu, ndipo wapatsira ndi kamnyamata komwe. Ndinafuna kuwauza kuti sindine mnyamata, koma amayi ananditsina pamkono kolimba. Anatikupiza ndi dzanja kuti tidutse. Lero ndikaganiza ndimaona kuti pakamwa panga pomwe ankadandaula napo ndi pamene panatitsegulira njira, ndipo palibe anandithokoza.

Kuchokera pamenepo tinakwera chitunda chachitali. Amayi anatulutsa kachewere wowotcha amene anabisa m'chiuno, tinadya tikuyenda, makoko ake opserera akudetsa zala. Aphunzitsi anati tiyese ngati ndi buledi wa mumzinda. Ndinali wosangalala kuposa tsiku lina lililonse la chaka chimenecho. Ndinkathamanga kutsogolo n'kubwerera, ndikufunsa dzina la msewu uliwonse. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuziyo mwambiwo siimaudziwa.

Pamwamba pa chitundacho panali bulugama mmodzi wamtali, ndipo patsinde pake panagona thirakitala yopsa imene inasiyidwa pamenepo chiyambire nkhondo. Aphunzitsi anati mtengowu ndi farolo, nsanja ya nyali yotsogolera zombo, yopakidwa mizere yofiira ndi yoyera. Thirakitalayo anati ndi chombo chakale chimene chinagona pamchenga patsinde pa nsanjayo, chadzimbiri, ana amasewera m'nthiti zake. Kenako anatembenuka n'kuloza ku tchire la kumbuyo kwathu. Anati ukawerenga misewu itatu kuchokera pano, pali nyumba ya khonde lobiriwira, ndi mtengo wa koko pakhomo, ndipo mayi wina amakhala pamenepo akusenda chinangwa. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana tchirelo, mphepo ikukupiza malaya awo. Ine ndinawafunsa ngati zimenezo zidzabwera pa mayeso. Ndikakumbukira funso limenelo ndimachita manyazi mpaka lero.

Kutsidya kwa chitundacho kunali dambo lalikulu la udzu wouma, ndipo mphepo inkaugonetsa n'kuudzutsa. Tinatsikira pa kachitsime ka m'mphepete mwake. Aphunzitsi anatambasula manja n'kunena kuti nyanja ndi imeneyi, ilibe tsidya looneka, imabwera n'kubwerera kawiri pa tsiku. Anati madzi ake ndi amchere, munthu sangamwe.

Apa ndinakana kwamtuwagalu. Nkhanu zija ndinazilola, koma izi ayi. Ndinati mchere ndi wodula, ndani angakhale ndi mchere wothira m'madzi onsewo? Ndinati mwina ku Beira anthu ndi opusa, koma Mulungu si wowononga chonchi.

Amayi anagwada pa kachitsime kaja. Anatunga madzi m'chikho, anamasula nsonga ya nsalu, n'kutsegula kachitini ndi mano. Ndinkadziwa kuti munatsala mchere wofika pa mfundo yoyamba ya chala, wokwana mwezi wathunthu ukamathira mosamala. Anakhuthulira wonse m'chikhomo, n'kugogoda kachitini pansi pake kuti pasatsale kanthu. Ndinakuwa. Ndinati mwapenga kodi, tidya chiyani? Iwo anavundula ndi chala n'kundipatsa.

"Lawa nyanja yako," anatero.

Ndinalawa. Unandiwawa pa ming'alu ya milomo, unatsika kukhosi ngati moto, misozi n'kulengeza. Aphunzitsi analawa pang'ono, anatseka maso, n'kunena kuti ndi yomweyo, yangosowa fungo la nsomba. Ndinakhulupirira. Kuyambira nthawi imeneyo ndikayang'ana udzu uja sindinkaonanso udzu.

Doko linali kumapeto kwa dambo, pamene njira ya ngolo inkadutsa. Chombo chinali chitakocheza kale, chodzaza matumba a kachewere, ng'ombe ziwiri zili kutsogolo, amalume ataima pambali ndi chikwapu, dzanja lawo lomanga kansanza. Nditawaona ndinaima. Ndinati ndadziwa, mukufuna kundipusitsa. Aphunzitsi sanagwedezeke. Anati awa si amalume ako, ndi akapitawo a chombo, ndipo gawo lomaliza la mayeso ndi ili. Wokwera chombo amakwera yekha osakankhidwa. Amaima kumbuyo n'kukupiza kansalu kwa otsala mpaka asaonekenso. Ndipo salumpha, zivute zitani, mpaka akapitawo anene kuti takocheza, chifukwa pansipo ndi nyanja. Wolumpha wamira, ndipo womira dzina lake lichoka pa lista.

Ndinafunsa kuti chikakocheza kuti. Anati zimenezo amadziwa ndi akapitawo. Amalume anangoyang'ana ng'ombe zawo.

Ndinakwera ndekha. Aphunzitsi anandipatsa kansalu kawo ka m'thumba, kotuwa ndi choko. Amayi anandipatsa kachitini kaja, kotseka bwino, n'kunena kuti wapaulendo sayenda wopanda katundu. Anandikonza kolala ya malaya a bambo, n'kundigwira kumutu kometa kuja kanthawi. Dzanja lawo linali lozizira.

Zotsatira zake ndinazidziwa pang'onopang'ono. Ngoloyo sinabwerere. Inawoloka msewu wa tala umene ndi malire, kachewere anatsitsidwa, ife n'kupitirira kutsetsereka mpaka kumudzi wina kupitirira Ntcheu, kumene njira zake sindinkazidziwa. Sindinalumphe. Manja anachita dzanzi pogwira thabwa, chikhodzodzo chinandipweteka, koma sindinalumphe, chifukwa akapitawo anali asananene. Atanena kuti takocheza, ndinatsika n'kufunsa ngati ndakhoza. Amalume, munthu amene sindinamuonepo akugwetsa msozi ngakhale pamaliro, anatembenuka n'kupita kukamasula ng'ombe.

M'mawa mwake ndinatsegula kachitini ndi mpeni. Munali kapepala kopindapinda, ka m'kope la sukulu, m'zilembo za aphunzitsi. Analemba m'Chichewa chawo chokhota chija kuti chombo chinanyamuka kale mvula isanathe, koluna sinathe kudutsa, ana a kwathu onse anatsala. Anati anadziwa kalekale koma analibe mtima wondiuza. Pansi pake analemba kuti ndakhoza, ndipo ndikaphunzire paliponse pamene pali pansi polembapo.

Ndinakwiya zaka. Musandiuze kuti anachita bwino, ndikudziwa kuti anachita bwino, koma kunama kunali kunama ndithu, ndipo anandinamiza anthu atatu amene ndinkawakhulupirira. Patangotha miyezi iwiri ndinatha msinkhu, ndipo akazi a amalume anandiuza kuti masiku amenewa usakhudze mchere, tuma mwana. Apo m'pamene ndinayamba kuona chimene amayi ankawerenga pondiyang'ana paja, ndi chifukwa chake sakanatha kudikira koluna. Iwo anatsala kuti nyumba isaoneke yothawidwa, ndipo anatipeza patapita mvula ziwiri, ataonda, kapulana yachikasu ija itasanduka chigamba. Ndinakhala masiku anayi osawapatsa moni. Tsiku lachisanu anaphika ndiwo, anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Iwe, dzathire." Ndinathira, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka anamwalira.

Za aphunzitsi sindidziwa. Ena amati anabwerera ku Chidzolomondo kukatsegula sukulu ina, ena amanena zina zimene sindifuna kuzilemba. Ine ndinaphunzira, pansi pa mitengo, m'matenti, kenako m'makalasi enieni, ndipo ndaphunzitsa ana zaka zambiri kuno ku Tsangano. Mwana wanga wamkulu amagwira ntchito ku Beira. Chaka chilichonse amati amayi bwerani mudzaone nyanja, ndikulipirirani basi. Ndimamuuza kuti Beira ndinamuona kale, iwe usanabadwe, ndipo siteshoni yake, msika wake ndi farolo ndingakulondolere. Amaseka, amati amayi liuma. Aseke. Ndikapita n'kukapeza kuti nkhanu zake n'zazing'ono, kalata yotsutsayo ndikapatsa yani?

Koma tsiku lija zonsezi ndinalibe nazo ntchito. Ndinaima kumbuyo kwa ngolo, miyendo yotangadza pa matumba a kachewere, ndikukupiza kansalu monga anandiphunzitsira, kuchokera m'phewa osati m'chigongono. Aphunzitsi anakweza dzanja, ali chilili ngati pa mbendera. Amayi sanakupize. Anaima m'mphepete mwa udzu ndi chikho chija m'manja onse awiri, kenako anachikweza n'kumwa madzi otsalawo mpaka kugugudiza, madzi amene aphunzitsi anali atangonena kuti munthu samwa. Ndinawakuwira kuti akulakwitsa, akupize dzanja, atilepheretsa mayeso. Ndinawakuwiranso kuti ndiwo za madzulo asathire okha, andidikire, kuiwala kuti mchere wonse unali utathera m'nyanja. Anagwedeza mutu kuvomera. Nkhope yawo inali yonyowa, ndipo ine ndinati ndi mcherewo wawalowa m'maso. Ndinangodabwa kuti munthu wamkulu ngati iwo angalephere bwanji chinthu chophweka chotere, kutsazika mwana amene abwerako dzuwa lisanalowe.